Mtondo Umene Unalowa mu Situdiyo

Mtondo wa amayi uli nane kuno ku Chilenje, kuseri kwa chitseko cha kukhitchini. Ndi wakuda bii chifukwa cha mafuta a mtedza, ndipo pakamwa pake pali mng'alu umene unamangidwa ndi waya. Adzukulu anga akabwera amauvundikira pansi n'kukhalapo, maso ali pa foni. Ndimawakalipira, iwo n'kumadabwa kuti agogowa akulusiranji chifukwa cha chipika. Sadziwa kuti kugunda kumene amavina pa maukwati a anzawo kunachokera m'chipika chomwecho.

Nyimbo yake mukuidziwa ngati munakulira m'dziko muno. Anthu amaitcha Mbale Yachitatu. Mpaka lero imalira m'maminibasi, ndipo ndinamvapo abambo awiri akukangana kuchokera m'tauni mpaka ku Matero kuti ng'oma ya m'nyimbo imeneyo inali ya mtundu wanji. Wina ankati ndi ya kum'mawa, wina ankati ndi ya ku Luapula. Ine ndinangomvetsera, dengu langa lili pamiyendo. Pachikuto cha lekodi panali dzina la amalume ndi la gulu lawo basi, ndiye ndikanati ndiyankhule akanandiyesa wozungulira mutu.

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, tikukhala m'komboni ya George, m'nyumba ya zipinda ziwiri, ine ndi amayi. Atate anali atapita ku migodi zaka zitatu m'mbuyomo kukafuna ntchito. Chaka choyamba makalata ankabwera, chachiwiri anayamba kupatukana, chachitatu anatheratu. Amayi sanawanene zoipa atate ngakhale kamodzi pamaso panga. Madzulo alionse ankapakula mbale zitatu, yawo, yanga, ndipo yachitatu ankaivundikira ndi mbale ina n'kuiika pamwamba pa kabati. Ankati munthu wochokera kutali safika ndi chenjezo. M'mawa mkute wa m'mbale imeneyo ndinkadya ine ndisanapite kusukulu, ndiye kunena zoona mbale ya atate ndiyo inandinenepetsa.

Ntchito ya amayi inali kusinja nsinjiro n'kukagulitsa kumsika. Mtondowo unali wa amayi awo, amene anauwolotsa malire kuchokera ku Malawi pamene agogo aamuna anabwera kudzagwira ntchito kuno. Nyengo yozizira, mtedza watsopano utafika kuchokera kum'mawa, tinkasinja awiri, amayi ndi munsi waukulu, ine ndi waung'ono. Wawo ukamakwera, wanga ukutsika. Manja ankang'aluka ndi mphepo, fumbi linkalowa m'mano, koma ndinkaikonda ntchito imeneyo chifukwa ndi pamtondo pokha pamene amayi ankaimba zakukhosi. Akazi akwathu amatero kuyambira kale. Zimene sunganene pamaso pa mwamuna kapena pamaso pa mpingo, pamtondo umaimba, ndipo wodutsa amakhala ngati sanamve. Amayi ankaimba kuti:

Ndasinja za anthu atatu, tadya awiri,
Mbale yachitatu ndavundikira,
Yazizira, yazizira, mwini wake ali m'njira.

Ine ndinkayankha kuti yazizira, yazizira, ndikusangalala, ngati nyimbo ya masewera.

Amalume, mlongo wawo wamng'ono wa amayi, ankakhala ku Chaisa. Masana ankasoka nsapato, kumapeto kwa sabata ankaimba gitala m'mabala ndi anzawo atatu. Anali munthu wa thalauza lotambalala kumiyendo ndi lilime lotsekemera, wosadziwa kufika pamalo m'nthawi yake. Ndinkawakonda koopsa. Loweruka lina anatipeza tikusinja. Anakhala pa njerwa, osapereka ndi moni womwe, akugwedeza phazi. Sabata yotsatira nyimbo ya amayi inali itavala gitala ndi babatoni, choimbira chachikulu chija cha waya atatu chimene woimba amachikhalira, ndipo anthu oledzera ku Chaisa ankaivina. Amayi atamva anawathamangitsa amalume ndi chipande mpaka kumpopi.

Kenaka amalume anapeza mwayi umene anaulakalaka moyo wawo wonse. Munthu wina wa situdiyo ya m'tauni anawamva akuimba n'kuwaitana kuti akajambule. Koma anawauza kuti nyimbo imeneyo ndi ya mkazi, pakamwa pa mwamuna ikumveka ngati chipongwe. Amalume anayesa atsikana awiri oimba m'mabala, onse anakanidwa. Mawu anali nawo, koma ankaimba ngati anthu amene sanadikirepo munthu. Ndiye amalume anabwera kwathu atanyamula buledi, chinthu chimene sanachitepo.

“Basisi, nyimbo ni yanu. Ine nangoivalika nsapato chabe,” anatero.

“Iwe, ufuna banivule unifomu?” amayi anayankha.

Apa ndiye panali nkhani. Amayi anali a chigwirizano cha amayi kumpingo kwathu. Bulauzi yoyera, siketi yakuda ndi duku loyera zinali ulemu wonse umene mkazi wosiyidwa akanakhala nawo m'komboni. Lachinayi lililonse akavala zimenezo ankayenda mowongoka, ndipo palibe amene ankawanong'oneza. Mayi wa chigwirizano kuimba nyimbo yovinidwa m'mabala, chilango chake chinali kuvulidwa yunifomu. Amalume ankadziwa zimenezi. Anadikira mpaka tiyi atatha, kenaka ananena motsitsa mawu, akuyang'ana pamwamba pa kabati.

“Wailesi ifika ku migodi, basisi. Bamulamu bazamvela.”

Lero ndimati amalume anachita nkhanza pamenepo, ngakhale sanali munthu wankhanza. Anadziwa pamene panali bala n'kukanikiza pomwepo. Amayi anatsuka makapu, anasesa pakhomo pamene panali posesa kale, kenaka anabwerera n'kunena kuti, “Zina langa usalembe.”

Ulendo woyamba anthu oyandikana nafe anauzidwa kuti amayi akundiperekeza kuchipatala, ndipo ndinalangizidwa kuti ndizitsokomola mpaka titakwera basi. Situdiyo inali kuseri kwa mafakitale, m'nyumba yopanda mazenera. Makoma ake anali omatidwa ndi timathireyi ta mazira, pansi panali kapeti yonunkha fodya. Chitseko chitatsekedwa phokoso lonse la dziko linatha, mpaka ndinkamva mate anga ndikameza. Kuseri kwa galasi lalikulu kunali mkulu wa makina, bambo wadazi wolankhula Chinyanja chosakaniza ndi Chibemba, ndipo kumbuyo kwake matepi awiri aakulu ngati ziwaya ankazungulira pang'onopang'ono. Masiku amenewo kunalibe zoti aliyense ajambule payekha n'kulumikiza pambuyo. Onse ankaimba nthawi imodzi, ndipo mmodzi akalakwa onse ankayambiranso.

Amayi anawaimika patsogolo pa maikolofoni n'kuwaveka zomvera m'makutu pamwamba pa duku. Getsi lofiira linayaka, gitala inayamba, koma amayi analowa mochedwa. Anayambiranso, amayi analowa mofulumira. Kachitatu mawu anatuluka aang'ono, onjenjemera, ngati a mwana amene wamuimika kutsogolo kwa kalasi. Amayi amenewa ndi omwe ankatsogolera nyimbo pamaliro, mawu awo n'kumveka mpaka kumsewu. Manja awo ankangofunafuna pogwira, akupotokola nsonga ya chitenje. Amalume anali thukuta lokhalokha ngakhale kunja kunali kuzizira, chifukwa pakhonde panali gulu lina likudikira nthawi yake.

Mkulu wa makina anatuluka kuseri kwa galasi. “Bamayo, osayopa. Imbani chabe mwamene muimbila kunyumba.”

“Kunyumba siniimba chimanjamanja. Niimba na munsi,” amayi anatero, maso ali pansi.

Anyamata a gulu anaseka, koma mkuluyo sanaseke. Anakanda dazi lake kwa kanthawi n'kunena kuti ngati chofunika ndi ibende, ndiwo mtondo m'chinenero chakwawo, ndiye tibwere nalo Loweruka m'mawa.

Sindikudziwa kuti anthu oyandikana nafe anaganiza chiyani kuona mwana wodwala akupitanso kuchipatala ndi mtondo, minsi iwiri ndi thumba la mtedza wokazinga. Kondakitala anakana kuti mtondo ulowe m'basi, ndiye unakwera padenga. Potsitsa m'tauni unapulumuka m'manja mwa amalume n'kumenya pansi. Ndi pamene unang'aluka. Amayi anangogwada n'kuyendetsa chala pamng'alupo. Woimba babatoni anatulutsa waya wake wapadera m'thumba, amalume n'kuumanga pomwepo pamsewu, anthu akutilambalala. Waya umenewo ndi womwe ulipo mpaka lero.

Mu situdiyo mtondo unabweretsa mavuto ake. Titangogunda koyamba, pansi panagwedezeka, maikolofoni onse n'kunjenjemera. Anauika pa tayala lakale, pamwamba pake n'kuyala masaka opinda. Mkulu wa makina anapempha kuti tizigunda mtondo wopanda kanthu kuti mtedza usamwazike pa kapeti, amayi anakana. Anati mtondo wopanda kanthu umalira ngati chitseko, ndipo munthu wanzeru zake sasinja mphepo. Anathira mtedza, ndipo kugunda kunasintha, kunakhala kozama, kofewa, kofika pachifuwa. Mkuluyo anamvetsera m'zomvera zake, kenaka anauza woimba ng'oma kuti asiye ng'oma zake zonse, azingogwedeza chisekese. Mnyamatayo anatupa nkhope tsiku lonse, ndipo ndikumva kuti mpaka imfa yake ankauza anthu kuti ng'oma ya m'nyimbo ija anaimba ndi iye.

Tinayambiranso kambirimbiri. Kamodzi waya wa gitala unaduka. Kamodzi ndinasokoneza ine, ndikuyang'ana matepi akuzungulira, munsi wanga n'kuwombana ndi wa amayi. Anandiyang'ana ndi diso limodzi lokha, sindinabwerezenso. Mapewa ankandiwawa, fungo la mtedza linagonjetsa la fodya. Kenaka amayi anavula zomvera zija n'kuzipachika pa mpando. Anatembenuka kufulatira galasi, anamanganso chitenje molimba m'chiuno, n'kundiuza kuti ndiziyang'ana munsi wawo basi, osati china chilichonse.

Anayamba okha, gitala isanalowe. Munsi wawo, wanga, wawo, wanga. Amalume anatsatira pambuyo ngati munthu wolowa m'nyumba ya eni. Mawu amene anatuluka anali a pakhomo pathu, a m'mawa wozizira, ndipo amayi anali ataiwala kuti m'chipindamo muli amuna. Chakumapeto anawonjezera ndime imene ndinali ndisanaimvepo. Anawaitana atate ndi mfunda wawo, monga mkazi amaitanira mwamuna wake pomulemekeza, n'kuwauza kuti mwana watalika, wafika paphewa, nsapato zimene munamusiyira zamuthina. Ndinaona misozi ikutsika mpaka kuchibwano, koma munsi sunaphonye ngakhale kamodzi.

Gitala itatha kulira, ine ndinasuzumira mu mtondo. Mtedza tinali tausinja mopitirira, sunalinso nsinjiro. Ndinaiwala za getsi lofiira n'kunena kuti, “Amayi, chasanduka chiponde.” Mkulu wa makina anaseka mpaka kugwira m'mimba, ndipo anakana kufufuta mawuwo. Pa lekodi yakale, mukamvetsera bwino kumapeto, mumva kamwana kakunena zimenezo. Achinyamata amene anaikonzanso nyimboyi ndi makompyuta anadula kachigawo kameneko, ndipo sindinawakhululukire. Chiponde chija tinadyera limodzi ndi buledi pakhonde la situdiyo, mkulu wa makina n'kutengako china m'pepala kukapatsa ana ake.

Panapita masabata angapo. Tsiku lina masana ndikuchokera kusukulu ndinamva mtondo wathu ukugunda m'nyumba ya eni, kenaka m'kagolosale, kenaka m'bala la pakona. Ndinathamanga mpaka kunyumba. Amayi anali atakhala pamphasa, wailesi yathu yaing'ono ili pamiyendo, atatsitsa mawu ake ngati kuti kutero kukanathandiza.

Kubisa dzina sikunapindule kanthu. Dzuwa lisanalowe komboni yonse ya George inali itadziwa. Akazi amene unakhala nawo pamaliro usana ndi usiku sangasokoneze mawu ako ndi a munthu wina. Lachitatu kunabwera amayi atatu a chigwirizano. Anavula nsapato pakhomo, anapemphera, kenaka wapampando anafunsa funso limodzi. Amayi sananame. Analowa kuchipinda n'kutulutsa bulauzi ndi duku zitasitidwa kale, ngati kuti ankadziwa tsiku lake. Anauzidwa kuti azikhala pa benchi ya kumbuyo mpaka akulu a mpingo adzaone. Sindiwaweruza amayi amenewo, ankasunga lamulo limene analipeza. Komanso ndikukumbukira kuti wamng'ono mwa iwo, povala nsapato, ankang'ung'udza yazizira, yazizira, osadziwa kuti akutero.

Amayi analandira chilangocho ngati munthu amene wagula chinthu chimene ankachifuna. Lachinayi ankakhala pakhomo n'kumaona anzawo akudutsa atavala zoyera, ndipo sankadandaula. Nyimbo inali paliponse. Oyendetsa malole ankanena kuti ku migodi sikugonedwa nayo, makamaka amuna a mfunda wa atate, amene ndi ochuluka ngati mchenga, aliyense ankati akuitanidwa ndi iye. Amayi akamva zimenezi nkhope yawo inkawala. Anayamba kusesa pakhomo kawiri pa tsiku. Anazira chipinda, anachapa bulangeti la atate limene linali m'sutikesi. Tikagula kapenta, tinsomba touma tija, wambiri ankapita m'mbale yachitatu. Basi ikaima pa siteshoni ankaimika munsi m'mwamba pang'ono, kenaka n'kupitiriza. Sindinawaonepo okongola ngati m'masabata amenewo.

Lamlungu masana pa wailesi pankakhala pologalamu ya moni, pamene anthu ankalemba makalata kupempha nyimbo. Sitinkaiphonya. M'mawa ndinkayanika mabatire padenga kuti apeze mphamvu. Lamlungu limenelo kunali mphepo ya fumbi, amayi akundiluka tsitsi pakhomo, mutu wanga uli pakati pa mawondo awo. Wowulutsa anatsegula kalata ina n'kuwerenga dzina la atate, lonse lathunthu, ndi dzina la mgodi umene ankagwirako ntchito. Zala za amayi zinaima m'tsitsi langa. Wowulutsayo anapitiriza kuti bambo ameneyu akupereka moni kwa mkazi wake wokondedwa ndi ana awo aamuna awiri amapasa, onse a ku Chingola komweko, ndipo akupempha nyimbo imene mkazi wakeyo amaikonda kwambiri, Mbale Yachitatu.

Mtondo wathu unayamba kugunda m'wailesimo. Ine ndinalumpha, tsitsi lili theka, n'kuyamba kuvina pabwalo ndikufuula kuti atate amva, atate amva nyimbo yathu. Chimene chinandikwiyitsa chinali chimodzi chokha, kuti wowulutsayo anasokoneza makalata. Ife sitinkakhala ku Chingola, ndipo ine sindinali anyamata awiri. Amayi anamvetsera nyimbo yonse mpaka pa mawu anga a chiponde. Kenaka anatseka wailesi, anandikhazika pansi, n'kumaliza kuluka. Anakoka tsitsi mofatsa kuposa masiku onse.

Mawa lake kusukulu ndinang'amba pepala pakati pa kope n'kulemba kalata yopita ku wailesi, yowauza kuti akonze cholakwa chawo Lamlungu likudzalo, chifukwa mkazi wa bambo uja amakhala ku George ndipo mwana ndi mmodzi, wamkazi, amene nsapato zamuthina. Ndinaipereka kwa aphunzitsi kuti andithandize adiresi. Anaiwerenga ataimirira, kenaka anakhala pansi n'kuiwerenganso. Anati ndimalemba bwino, ndipo aitumiza okha. Ndinadikira Lamlungu lotsatira, ndi linalo, ndikuyanika mabatire. Kalata imeneyo ndinadzaipeza nditakula, amayi atamwalira, ili m'chikuto cha lekodi pansi pa sutikesi yawo.

Atate sanabwere. Anamwalirira komweko patapita zaka zambiri, ndipo funso limene limandisowetsa mtendere lilibenso woliyankha. Komboni yonse inazindikira mawu a amayi tsiku limodzi. Kodi munthu amene anakhala nawo m'nyumba zaka khumi sanawazindikire? Amalume ankati atate anazindikira, ndipo kalata ya pa wailesi ija inali yankho lawo, la munthu wamantha amene analephera kulemba molunjika. Masiku ena ndimafuna kuti zikhale choncho, masiku ena ndimafuna kuti akhale sanadziwe. Sindikudziwa chopweteka kwambiri n'chiti. Amayi sananenepo maganizo awo. Yunifomu anabwezeredwa mvula itayamba, anatsogoleranso nyimbo pamaliro, koma pamtondo sanaimbenso. Tinkangosinja, wawo, wanga, wawo, wanga. Amalume anatchuka, anaimba m'mahotela, koma Loweruka akabwera kwathu gitala ankaisiya panja.

Ndimawasowa amayi. Ndimasowa kwambiri amayi a masabata aja, osesa pakhomo kawiri. Nyimboyi ikalira m'minibasi ndimatseka maso, chifukwa mkati mwake akadali ndi chiyembekezo, sanamvebe kalata ija.

Madzulo a Lamlungu lija amayi anapakula mbale ziwiri. Ine ndinayang'ana pamwamba pa kabati, ndinayang'ana iwo, n'kuseka kuti chimwemwe chawaiwalitsa. Ndinakwera pa mpando, ndinatsitsa mbale ya atate n'kuiika patsogolo pawo. Ndinawauza kuti lero ndiye lero losayenera kuiwala, popeza atate amva ndipo akhoza kufika nthawi iliyonse. Amayi anandiyang'ana nthawi yaitali, chipande chili m'manja. Kenaka anatapa m'mbale mwawo, anaika m'mbale ya atate, anavundikira, n'kundipatsa kuti ndikaike ndekha pamwamba. Anapitiriza kutero madzulo alionse mpaka nyengo ija inatha. Ine ndinkagona mtima uli m'malo, ndikudziwa kuti tikudikira tonse awiri. Sindikanatha kumvetsa kuti kuyambira tsiku limenelo mbale ija sankaivundikiranso atate, ankaivundikira ine.